Musanamuuze kuti "ingochokani"

Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake amalandira malangizo amitundu iwiri. Ena amati, "Pirirani amayi, banja ndi kupirira." Ena, amene amadziona ngati openya, amati, "Ingochokani, mukudikira kuti akupheni?" Oyambawo sinditaya nawo nthawi, kupirira sikunabwezepo chibakera. Koma achiwiriwa nawonso atha kuphetsa munthu ali ndi mtima wabwino, chifukwa mwamuna wankhanza amaopsa kwambiri akazindikira kuti mkazi akumupulumuka m'manja: tsiku lolongedza katundu, sabata yoyamba, miyezi yoyambirira. Nthawi zambiri kuchoka n'koyenera ndithu, koma kumafuna kukonzekera, ndipo kukonzekerako n'kovuta zedi kwa mayi wokhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, m'dera lothithikana la mumzinda.

Nkhanzazi sizisankha thumba. Lipoti la 2021 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 amene anakhalapo pabanja kapena pachibwenzi, 27 anamenyedwapo kapena kukakamizidwa kugonana ndi mwamuna wawo yemweyo. Olemera ali m'gulu lomwelo. Chimene umphawi wa m'tauni umachita ndi kutseka pothawira. Lendi amalipira ndi mwamuna, ndipo mwininyumba amadziwa iyeyo. Abale a mkazi ali kutali, ulendo wake wofuna ndalama imene alibe. Kampamba ka geni kamagona m'chipinda chomwecho, pamene mwamuna angakatenge nthawi iliyonse. Tsiku limene mayi wathera pamzere kupolisi ndi kuchipatala ndi tsiku limene ana agona ndi njala. Aneba akumva chilichonse kudzera pakhoma, koma ndi alendi anzake ochokera kosiyanasiyana, mawa atha kusamuka, ndiye aliyense amangoti, "Za m'banja la eni sitilowerera." Mwininyumba akatopa ndi phokoso amathamangitsa onse awiri.

Nkhanza iliyonse ndi yoipa, koma pali zina zimene zimachenjeza kuti imfa ili pakhomo, ndipo wothandiza ayenera kuzidziwa. Kafukufuku amene anatsogolera Jacquelyn Campbell m'mizinda 11 ya ku United States, wofalitsidwa mu 2003, anayerekeza amayi amene anaphedwa ndi amuna awo ndi amayi amene ankazunzidwa koma ali moyo. Zimene zinkapezeka kwambiri kwa ophedwawo ndi izi: mwamuna anali pa ulova, anali ndi mfuti pafupi, anaopsezapo mkazi ndi chida, m'nyumba munali mwana womupeza, kapena mkazi anali atangopatukana ndi mwamuna wolamulira chilichonse pa moyo wake. Kumene mfuti n'zosowa, mpeni ndi chikwanje zimalowa m'malo. Za ulovazo musazimve molakwa, amuna ambiri opanda ntchito sanakwezepo dzanja pa mkazi. Koma amene ankamenya kale, ntchito ikatha amakhala pakhomo tsiku lonse, ulemu wake wa kunja watha, ndiye amafuna kuti ufumu wonse auonetsere m'nyumba. Onjezaniponso mwamuna amene wanena poyera kuti "ndidzakupha" kapena "ndidzipha ukachoka", amene amamenya mkazi ali ndi pathupi, amene nsanje yake yafika pomulondalonda kumsika ndi kumufufuza foni usiku uliwonse, komanso amene kumenya kwake kukuchulukira mwezi ndi mwezi.

Chizindikiro chimene anthu amachipeputsa kwambiri ndi kukanyanga pakhosi. Mayi amanena mongodutsa, "Sanandimenye kwenikweni, anangondigwira pakhosi." Apatu ndiye pofunika kuima. Kafukufuku wina wa ku United States komweko, wa mu 2008, anapeza kuti mayi amene mwamuna wake anamukanyangapo pakhosi ali pa chiopsezo chodzaphedwa ndi mwamunayo choposa ka 7 poyerekeza ndi mayi wozunzidwa amene sanakanyangidwepo. Mitsempha yopititsa magazi ku ubongo ili m'mbali mwa khosi, pafupi ndi khungu, ndipo ikapanidwa munthu atha kukomoka m'masekondi 10 okha. Choipa n'chakuti nthawi zambiri pakhosipo sipaoneka bala, ndiye wapolisi, nesi ngakhale mayi mwini wake amaganiza kuti zachepa. Koma mkati mumatha kutupa patapita maola angapo, ngakhale tsiku lotsatira. Choncho funsani mwachindunji: kodi mawu asasa? Akuvutika kumeza kapena kupuma? M'maso muli timadontho tofiira? Anakomoka, anadzikodzera, kapena pali mphindi zimene sakuzikumbukira? Ngati wavomera chimodzi mwa izi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akanene mawu enieniwo, kuti anakanyangidwa pakhosi. Akangoti mutu ukupweteka amupatsa panado n'kumubweza.

Tibwere m'chipinda muja. Malangizo ambiri olembedwa m'mabuku amati thawirani kuchipinda china n'kukhoma chitseko. Nanga ngati chipinda n'chimodzi, chogawidwa ndi katani? Apa chofunika ndi kudziwa ngodya zake. Ngodya yophikira ndiyo yoopsa kuposa zonse, chifukwa mpeni, mbaula yamoto, madzi owira ndi mafuta otentha zili pomwepo. Mkangano ukayamba kutentha, mayi asunthire kufupi ndi chitseko, asalole kupanikizidwa kuseri kwa bedi kumene kulibe potulukira. Madzulo amene akudziwa kuti mwamuna abwera ataledzera kapena atalusa, mipeni ndi zida zichoke poonekera, mbaula izimitsidwe msanga, ndipo iye asavale mkanda kapena nsalu yozungulira khosi. Amuna ena amakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba asanayambe kumenya, ndiye kiyi wachiwiri wodulitsa mwakachetechete, wobisika pafupi ndi chitseko, ndi chinthu chamtengo wapatali. Zikafika poti kuthawa kwakanika, adzipinde, mikono iphimbe mutu ndi nkhope, mawondo ateteze mimba.

Ana auzidwe chinthu chimodzi chomveka: asalowe pakati. Mwana wa zaka 9 amene akukoka malaya a bambo ake kuti aleke ndiye amalandira chibakera chosochera. Ntchito yake ndi kutuluka, kunyamula wamng'ono ngati angathe, n'kuthamangira kukhomo limene anauzidwa kale, lodziwika ndi dzina. Mawu oti "ukaitane anthu" amamusokoneza mwana wamantha usiku. Koma samalani ndi zimene mukuuza ana aang'ono kwambiri, chifukwa bambo akawanyengerera amaulula zonse mosadziwa.

Neba ali ndi mphamvu yoposa imene amaganiza. Mu 2008 bungwe la Breakthrough ku India linayambitsa kampeni yotchedwa Bell Bajao, yolimbikitsa anthu, makamaka amuna, kuti akamva mkazi akumenyedwa apite akagogode pakhomopo ndi kachifukwa kalikonse. Nzeru yake ndi yapafupi. Simukupita kukamenyana kapena kukaweruza mlandu. Mukugogoda n'kunena kuti, "Pepani aneba, tibwerekeko machesi," ndipo womenyayo wadziwa kuti anthu akumva. Mupite awiri kapena atatu, muime panja, musalowe. Ngati mwamva zoti pali chida, kapena kukuwa kwasiya mwadzidzidzi, imbani kupolisi nthawi yomweyo ndipo dzutsani ena. Ndi bwinonso kupangana chizindikiro nthawi yamtendere: kumenya khoma katatu, kufulasha kawiri motsatizana, kapena mawu wamba amene mayi angauze mwana kuti akanene. Mupanganenso tanthauzo lake, kuti chizindikirocho chikamveka neba agogode kapena aitane apolisi, chifukwa usiku si nthawi yoyamba kufunsana.

Chimene neba wachifundo amalakwitsa kawirikawiri ndi kupita kwa mwamuna m'mawa mwake n'kumuuza kuti, "Achimwene, akazi anu atidandaulira." Mwatero mwamuulula mayiyo, ndipo madzulo alipira. Ngati mukufuna kulankhula ndi bamboyo, nenani zimene mwamva ndi makutu anu. Chimodzimodzinso kuwakhazika pansi onse awiri kuti agwirizane. Pa mikangano wamba ya m'banja njira imeneyi imathandiza, koma pamene wina akuopa mnzake, mkazi sanganene zoona mwamuna atakhala pambali pake. Amagwedeza mutu, mwamuna amapepesa mokoma pamaso pa akuluakulu, onse amabalalika akuti zatheka, ndipo mayi wabwerera m'nyumba muja ndi mlandu watsopano wochititsa manyazi mwamuna pagulu. Mayi alankhulidwe payekha. M'madera othithikana malo ake amapezeka: pampopi, panjira ya kumsika, pamzere wa kusikelo. Mumvereni osamudula, musamufunse kuti "munawalakwira chiyani", ndipo mufunseni chimene iye akuopa kwambiri. Mayi amene akuti "ameneyu adzandipha" amamudziwa mwamunayo kuposa wina aliyense, mukhulupirireni.

Za mowa ndinenepo pang'ono, poti ndiye pobisalira pa aliyense. Mowa umakulitsadi nkhanza, mabala ake amakhala aakulu, ndipo masiku olandira ndalama amakhala oopsa m'makomo ambiri. Koma woledzera yemweyo amadutsa anthu ambirimbiri panjira osamenya ndi mmodzi yemwe, n'kudzayambira pamene watseka chitseko. Amasankha womumenya. Kusiya mowa kumachepetsa ngozi, koma pakokha sikuchotsa mtima wofuna kulamulira.

Kuchipatala kuli mawerengero a nthawi amene sadikira munthu. Kugonana kokakamiza kumachitika m'banja momwe, ndipo amayi ambiri sakutchula chifukwa anaphunzitsidwa kuti mwamuna sakanizidwa. Ngati pali chiopsezo cha HIV, mankhwala a PEP, oteteza kuti kachilomboka kasakhazikike m'thupi, ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Kuyamba tsiku loyamba n'kwabwino kuposa lachitatu. Mapiritsi olera apangozi amagwira ntchito mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku lililonse, pomwe lupu ya kopa itha kuikidwa m'masiku 5 omwewo. Mayi amene mwamuna amamutayira mapiritsi olera afunse za njira zosaonekera, monga jakisoni wa miyezi 3. Bala lakuya, lolumidwa kapena lochekedwa ndi chitsulo likufuna kutsukidwa bwino ndi kuona za katemera wa kafumbata. Akapsa ndi madzi kapena mafuta, pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo matuza asaboole. Khofi la pakhutu limatha kung'amba nembanemba ya mkati, ndiye ngati khutu likulira, latseka kapena likutuluka magazi, musadonthezeremo kanthu. Womenyedwa m'mutu amene akusanza, akusinza modabwitsa kapena akulankhula zosokonekera asagone kunyumba kudikira kuti kuche. Woyembekezera amene wamenyedwa pamimba apite ngakhale akumva bwino, chifukwa nsengwa imatha kumatuka magazi osaonekera kunja. Kupweteka kwa mimba, magazi, kapena mwana kuchepetsa kugunda ndi zofuna kuthamanga.

Vuto limakhalapo mwamuna akaperekeza yekha mkazi kuchipatala, n'kumayankha mafunso onse: "Anagwa kubafa." Wachipatala wodziwa ntchito amamutulutsa panja mwaulemu, ndipo mayi ali ndi ufulu wopempha kuti aonedwe yekha. Apemphenso kuti zilembedwe m'buku monga zachitikira, kuti wamenyedwa ndi mwamuna wake, ndi chiyani, pati, tsiku liti. Ngakhale lero sakufuna za milandu, zolembedwazo zidzayankhula chaka chamawa. Zithunzi za mabala zijambulidwe tsiku lomwelo ndiponso patapita masiku awiri kapena atatu, chifukwa mikwingwirima imachedwa kuonekera, makamaka pakhungu lakuda. Chithunzi chimodzi chionetse nkhope kuti adziwike mwini bala, china chapafupi. Zisungidwe m'foni ya munthu wina wodalirika, m'foni ya mayi zifufutidwe, pamodzi ndi mauthenga ndi manambala amene waimba.

Mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo olola khoti kupereka chiletso choti mwamuna asayandikire mkazi, ndipo m'mayiko ena khoti litha kulamula kuti wochoka m'nyumba akhale womenyayo. Apolisi ambiri alinso ndi ofesi yapadera yoona za nkhanza za m'banja. Ku Brazil anafika potsegula mapolisi a amayi okhaokha, yoyamba ku São Paulo mu 1985. Popita kukadandaula, mayi apite ndi mnzake, atenge lipoti la chipatala, alembe dzina la wapolisi amene wamulandira ndi nambala ya mlandu. Akauzidwa kuti "kakambiraneni kunyumba", apemphe kuonana ndi wamkulu wake. Koma tinene zoona, chiletso ndi pepala. Chimagwira ntchito pa mwamuna woopa ndende, ndipo tsiku limene mwamunayo wachilandira ndi limodzi mwa masiku oopsa aja, choncho mayi asagone pamalo odziwika usiku umenewo. Anthu amakwiyanso mayi akakathetsa mlandu. Asanamunyoze awerengere kaye: wotsekeredwayo ndi amene amalipira lendi, mwezi ukutha, ndipo abale a mwamuna ali pakhomo kumunena kuti wamangitsa bambo wa ana ake. Amene akufuna kuti mlandu upitirire ayambe wayankha funso la lendi.

Ndiye chifukwa chake ndalama ili pakatikati pa nkhaniyi, ngakhale si yophweka monga ena amaionera. Mayi akayamba kupeza yake, amuna ena amafewa, ena amalusa kwambiri poona kuti mphamvu ikuwachoka, ndipo ngongole imene mayi watenga kubanki m'khonde imatha kulandidwa tsiku lomwelo, iye n'kutsala ndi chobweza. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, pulogalamu ya IMAGE inaphatikiza ngongole zing'onozing'ono ndi maphunziro a za nkhanza ndi ufulu wa amayi, ndipo zotsatira zake zofalitsidwa mu 2006 zinaonetsa kuti nkhanza zinatsika ndi 55 peresenti pa zaka ziwiri. Mumzinda wa Kampala, pulogalamu ya SASA! ya bungwe la Raising Voices inagwira ntchito ndi anthu wamba a m'madera, amuna ndi akazi, kukambirana za mphamvu m'banja, ndipo kafukufuku wa 2014 anapeza kuti kumenya akazi kunali kotsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi madera amene pulogalamuyo sinafike. M'malo onse awiri ndalama kapena uthenga sizinayende zokha, anthu ozungulira mayiyo anasintha kaonedwe kawo. Kwa mayi payekha, kandalama kothawira kasungidwe kunja kwa nyumba. Kusunga pafoni n'kwabwino pokhapokha ngati mwamuna sadziwa nambala yachinsinsi ndipo saona mauthenga amene amabwera ndalama ikalowa. Ena amasunga simu khadi yachiwiri kwa mnzawo. Ndalamayo ikhale yokwana ulendo wa iye ndi ana, ndi chakudya cha masiku angapo.

Katundu wothawa naye asamuke pang'onopang'ono, chinthu chimodzi lero, china mkucha, m'kati mwa dengu la geni kapena mtolo wa zochapa. Chikwama cholongedza chikapezeka pansi pa bedi chimaulula zonse. Zoyamba kutuluka ndi mapepala: chitupa cha mayi, zikalata za kubadwa kwa ana, mabuku a kuchipatala, chikalata cha ukwati ngati chilipo, mapepala a sukulu. Amuna ankhanza amakonda kuwotcha kapena kubisa zimenezi, podziwa kuti popanda izo mayi avutika kulembetsa mwana sukulu ina kapena kutsegula mlandu wa chithandizo cha ana. Ngati kutulutsa enieniwo kungaonekere, ajambulidwe pafoni ya mnzake. Kenako mankhwala, makamaka ma ARV, a shuga, a BP kapena a khunyu, amene sayenera kudukiza. Zovala zochepa, kiyi uja, ndi manambala awiri kapena atatu oloweza pamtima, poti foni ndi imene imayamba kuphwanyidwa.

Tsiku lochoka lisalengezedwe. Mawu oti "ndikupita kwathu, sudzandionanso", onenedwa mkangano uli pakati, aphetsa amayi ambiri. Achoke mwamuna ali kuntchito kapena kokayenda, pa ola limene mayi amatuluka masiku onse, atanyamula zimene amanyamula masiku onse. Ana apite nawo ngati n'kotheka, chifukwa kuwatenga pambuyo kumavuta ndipo mwamuna amawasandutsa nyambo. Kumene akupita kusakhale kumene mwamuna angayambire kufuna. Kwa mayi ake omubala kapena kwa mchemwali wake ndi koyamba kufikidwa, choncho masiku oyambirira ndi bwino kukhala kwa munthu amene mwamunayo sadziwa khomo lake, kapena kunyumba yosungira amayi othawa nkhanza ngati mumzindamo ilipo. Odziwa akhale ochepa kwambiri. Pafoni azimitse zoonetsa malo amene ali, asinthe manambala achinsinsi a Facebook ndi WhatsApp, ndipo asaike zithunzi zoonetsa kumene akukhala. Aphunzitsi a ana auzidwe amene ali wololedwa kudzawatenga. Chovuta kwambiri kwa mayi wa geni n'chakuti benchi lake kumsika limadziwika, mpopi umadziwika, njira imadziwika. Asinthe nthawi ndi njira, anzake a pamsika adziwe nkhope ya mwamunayo, ndipo kwa kanthawi wina amugulitsireko.

Pakapita masiku mwamuna amayamba kupepesa, kulira pafoni, kutuma abale, kulonjeza kuti wasiya mowa ndipo wayamba kupemphera. Kenako amapempha kuti akumane kamodzi kokha, akambirane za ana kapena adzatenge katundu wotsala. Kukumana kotereku kusachitike m'nyumba, kapena awiriwiri. Katundu akatengedwe ndi anthu ena, kapena mayi apite ndi wapolisi.

Amayi ambiri amabwerera, ena kangapo, asanachokeretu. Ndalama yatha, kumene anafikira ayamba kumuonetsa nkhope, ana akufunsa bambo awo, kapena akumukondabe munthuyo. Wothandiza akakwiya n'kunena kuti "ndatopa nanu, musadzabwerenso", wamuthandiza mwamuna uja ntchito imene wakhala akuigwira zaka zonse, yomudula mkazi kwa anthu. Chofunika pamenepo ndi kukonzanso dongosolo lonse, chifukwa lakale laululika. Mwamuna tsopano akudziwa khomo limene anathawira, mnzake amene anasunga chikwama, ndi ola limene anatulukira. Pafunika khomo lina, chizindikiro china ndi neba, kiyi wina ngati loko wasinthidwa, ndipo mapepala aja asabwerere m'nyumbamo, atsale kumene ali.